ZA KUSUNGA ZAKALE ZA MUDZI WA BLANTYRE

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ndi inu aphunzitsi a makalasi ndi alaliki amene mugwira nchito m'midzi ndi m'madera a mzinda uno: pa caka cino ca cikondwerero, pamene zakwana zaka 150 ciyambire Mishoni ya Blantyre, tidzayimba nyimbo zambiri, tidzamva maulaliki, ndipo alendo adzacokera kutali kudzakondwera nafe pamodzi. Zonsezi nzabwino. Koma masiku a phwando sacedwa kutha, ndipo misasa ikapasulidwa padzatsala funso limodzi limene tifuna kuliika pamaso panu m'masamba awa: mwa zinthu zonse zimene makolo athu anatisiyira m'mudzi muno, tidzasunga ziti, ndipo tidzazisunga motani? Pakuti mzinda susunga kanthu mwangozi. Cimene anthu sanapangane kucisunga, ciswe cicidya, mvula icigwetsa, kapena wamalonda acigula nacipasula. Ndipo pakutha zaka zowerengeka palibenso wokumbukira kuti pamalopo panali ciani.

Kuti tidziwe coyenera kusunga, tiyambe taona umo mudziwu unayambira.

CIYAMBI CA MUDZI

Dr David Livingstone anapita m'mapiri ano m'caka ca 1859, pocokera ku mtsinje wa Shire kunka ku nyanja ya Chilwa ndi ku nyanja yaikuru. Anayamikira dzikoli cifukwa ca madzi ace ndi mphepo yace yozizira, nalira cifukwa ca malonda a akapolo amene analikulipasula. Oyamba kumvera kuitana kwace anali Bishop Mackenzie ndi anzace a mpingo wa Anglican, amene anakhala pa Magomero m'caka ca 1861. Sanakhalitse. Bishopuyo anamwalira pa ciyambi ca 1862, nkhondo ndi njala zinabalalitsa anthu, ndipo nyumba zao za mitengo ndi udzu zinabwerera kudothi.

Livingstone atamwalira m'caka ca 1873, mipingo ya ku Scotland inautsidwa mtima. M'caka ca 1875 ananyamuka a Livingstonia ndi sitima yao ya Ilala, ndipo pamodzi nao panali Henry Henderson, wotumidwa ndi Church of Scotland kudzafuna malo a Mishoni ina. Iye sakadatha kulankhula ndi mfumu iri yonse popanda womasulira wace, Tom Bokwito, munthu wa dziko lino amene anaomboledwa ku ukapolo ali mwana, naphunzira ku Lovedale. Awiriwo anakwera kumapiri kuno, napeza malo a madzi abwino m'dziko la mfumu Kapeni, pakati pa Ndirande, Soche ndi Michiru; ndipo mfumuyo inawalola. Pa 23 October 1876 amishoni anafika pamalopo, nawacha Blantyre, ndilo dzina la mudzi wa ku Scotland kumene Livingstone anabadwira. Koma anthu sanaleke kunena kuti Kabula, ndipo kufikira lero dzinalo limveka m'kamwa mwa anthu. Tiri nao maina awiri a mudzi umodzi, ndipo onse awiri ndi akusunga.

Nyumba zoyamba zinali za mitengo, matope ndi udzu, ndipo palibe ndi imodzi yomwe yotsala. M'caka ca 1877 anadza James Stewart, mmisiri wodziwa kuyesa malo, nalinganiza bwalo la Mishoni, minda yace ndi ngalande ya madzi. M'caka ca 1878 anafika Mbusa Duff Macdonald, ndi Jonathan Duncan wa minda, amene anadza ndi timitengo ta khofi kucokera ku Edinburgh.

Zaka zimenezo ziri ndi mdima wace, ndipo buku la cikondwerero lisaubise. Popeza m'dziko munalibe Boma, amishoni ena anadziyesa oweruza. Anakwapula anthu ndi zikoti kufikira wina anafa, ndipo m'caka ca 1879 anaombera ndi mfuti munthu womnenera mlandu wa kupha. Mbiriyi itamveka ku Scotland, mpingo unatuma ofufuza m'caka ca 1880, ndipo pambuyo pace Macdonald anaitanidwa kubwerera kwao, ndi ena anacotsedwa nchito. Tidzabweranso ku nkhani iyi, pakuti ikhudza funso lathu.

Pa nthawi yomweyo, patsidya pa mtsinje wa Mudi, kunakhazikika amalonda. Abale awiri, John ndi Frederick Moir, anadza m'caka ca 1878 kuyang'anira kampani imene inadziwika pambuyo pace ndi dzina la African Lakes. Anthu poona magalasi a m'maso a John Moir anamucha Mandala, ndipo dzinalo linagwera kampani, sitolo zace, ndi dera lonse. Nyumba yosanja ya Mandala inamangidwa m'caka ca 1882, ndipo iyesedwa nyumba yakale koposa zonse zoimirira m'Malawi. Yapulumuka cifukwa sinasiyidwe bwinja. Anthu akhala akulowamo ndi kuturukamo, ndipo m'cipinda cace ca pamwamba musungidwa mabuku ndi zithunzi za Society of Malawi.

CHALICHI CA NJERWA

M'caka ca 1881 anafika Mbusa David Clement Scott, ndipo ndi iye Mishoni inayamba kaciwiri. Analeka maweruzo a zikoti, napalana ubwenzi ndi mafumu, nachera khutu ku cinenero ca anthu, kufikira anasonkhanitsa mau a Cimang'anja m'buku lalikuru lomasulira mau, limene linasindikizidwa m'caka ca 1892. Alexander Hetherwick anadza kudzamthangata m'caka ca 1883. Pamene Angoni a Chikuse anaoloka Shire ndi nkhondo m'caka ca 1884, anthu ambiri anathawira pa Mishoni napulumuka.

M'caka ca 1888 Scott anayamba nchito imene anzace ena anaiyesa misala. Iye sanaphunzire za kumanga, ndipo sanayambe walemba cithunzi ca nyumba yonse monga acita amisiri a ku Ulaya. Maonekedwe ace anakula pamene makoma analikukwera. Omanga ace anali anthu a dziko lino, amene sanaonepo nyumba yotere ndi kale lonse, osanena za kuimanga. Taganizani nchito yace. Ena anakumba dothi, ena anatunga madzi naliponda ndi mapazi. Ena anaumba njerwa m'zikombole za matabwa naziyanika, nazipfundika ndi udzu kuti dzuwa lisazing'ambe. Ena anatema nkhuni, ena anagona pa ng'anjo usiku kusonkhezera moto. Ena anasenza njerwa pamutu kukwera nazo pa nsanja za mitengo yomanga ndi luzi. Ndipo sizinali njerwa za mtundu umodzi ai. Owerenga apeza mitundu 81 ya njerwa m'makomawo: zina zozungulira, zina zosongoka, zina zokhota, yense ndi cikombole cace cosemedwa ndi manja, yense ndi malo ace. Ndi njerwa zimenezo anapinda makomo ndi mazenera ngati uta, naimika nsanja ziwiri za kukhomo zosafanana, nabvundikira denga lozungulira ngati mphika pamwamba pa malo opatulika. Utali wa nyumbayo ndi mapazi 106.

Chalichi ca St Michael and All Angels cinapatulidwa pa 10 May 1891. Masiku owerengeka pambuyo pace dziko linalalikidwa kuti liri m'manja mwa Mfumukazi ya ku Britain. Motero chalichi cathu ndi cacikuru kwa Boma la atsamunda, ndipo cakhala nthawi yaitali kuposa ilo. Koma caka cimeneco cinali ca maliro. Pa ciyambi cace nthenda ya pakhosi inapha mwana wa Henderson, mkazi wace, ndi Dr John Bowie amene anaitenga poyesa kupulumutsa mwanayo. Ndipo Henderson mwini anamwalira ku Quelimane ali pa ulendo wa kwao. Wosankha malo sanalowe m'nyumba yomangidwa pamalopo.

Tsono funsani mwana wa Sande Sukulu kuti, Anamanga chalichi ici ndani? Adzati, Scott. Sananame, koma wanena theka. Scott mwini sakadakondwera nako kuyankha kotere, pakuti iye anamanga nyumbayo kuti ikhale mboni pamaso pa Azungu onyoza, yakuti Aafrika akhoza nchito iri yonse, ndi kuti Eklesia wa m'dziko lino ayenera kukhala wa eni dziko. Cifukwa cace m'zaka za 1893 ndi 1894 anapatula madikoni a dziko lino, ngakhale Azungu ambiri anadandaula: mwa iwo munali Joseph Bismarck, John Gray Kufa wa nchito ya cipatala, Mungo Murray Chisuse wosindikiza mabuku ndi wojambula zithunzi, ndi Harry Kambwiri Matecheta, amene pamodzi ndi Stephen Kundecha anadzozedwa ubusa m'caka ca 1911. Maina awa tiwadziwa cifukwa analembedwa. Koma oponda dothi aja, osema zikombole, ndi amai osenza madzi ndi njerwa, mlendo wodzaona chalichi sauzidwa za iwo, ndipo pakhoma palibe mwala wowachula.

Inu aphunzitsi mudziwa mutu wacitatu wa buku la Nehemiya, umene ambiri aulumpha powerenga cifukwa uli maina okhaokha. M'menemo mwalembedwa yense amene anakonza cigawo cace ca linga la Yerusalemu, ansembe, osula golidi, amalonda, ndi munthu wina amene anagwira nchito pamodzi ndi ana ace akazi. Mlembi uja anaona kuti linga lopanda maina a omanga ndi mbiri yoduka. Ife tiri nalo linga, koma mutu wacitatu wathu sunalembedwe.

UMO ZAKALE ZITAYIKIRA

Mudzi unakula msanga. M'caka ca 1895 unakhala ndi Khonsolo yace. Njanji inafika m'caka ca 1908. Sukulu ya Henry Henderson Institute inatsegulidwa m'caka ca 1909. Blantyre ndi Limbe analumikizidwa m'caka ca 1956, ndipo kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 800,000 pamene kale panali midzi yowerengeka ya Kapeni. Malo atakwera mtengo, nyumba yakale ya cipinda cimodzi pansi inayamba kuoneka ngati cobvuta m'njira ya cuma.

Zakale zitayika m'njira zosiyana, ndipo dziko lathu laona zonse. Zina aziononga dala: m'caka ca 1915, itatha nkhondo ya John Chilembwe, Boma linaphulitsa chalichi cace ca njerwa ku Mbombwe, kuti pasatsale cokumbutsa, ndipo John Gray Kufa, dikoni wathu uja, anaphedwa pa mlandu womwewo. Zina zipsa: m'caka ca 1919 moto unatentha maofesi a Boma ku Zomba, ndipo makalata a zaka zoyamba za Boma anasanduka phulusa. Zina zigwa m'dzina la ukhondo: akuru akumbukira nyenyezi yofiira ya masiku a Dr Banda, imene inalembedwa pa makoma a nyumba zoyesedwa zonyazitsa mzinda, kuti mwini wace akonze kapena agwetse. Sitinena kuti nyumba zonsezo zinali zoyenera kusungidwa. Zambiri zinali zobvunda ndithu. Koma nyenyezi ija inafunsa funso limodzi lokha, lakuti, Kodi nyumbayi ioneka bwino? Sinafunse kuti, Munacitika ciani m'menemo?

Koma mdani woposa onse sacita phokoso. Ndiye dontho la padenga limene palibe wolisamala, ciswe cokwera m'kati mwa mtanda, ndi kambeu ka kacere kogwetsedwa ndi mbalame mumng'alu wa khoma, kamene caka cino mwana angakazule ndi zala ziwiri, koma pakapita zaka khumi mizu yace yang'amba khoma lonse. Ndipo pali mdani wina wobvala nkhope ya bwenzi, ndiye wokonza wacangu wosadziwa. Njerwa zakale zoumba ndi manja nzofewa, ndipo zipuma. Zimwa cinyezi m'dzinja, nizicituritsa m'cilimwe. Munthu akazimata ndi simenti yolimba, kapena akazipaka utoto wa mafuta kuti ziwale pa tsiku la phwando, atsekera madzi m'kati, ndipo njerwa iyamba kunyenyeka ngati cigumu. Makoma otere afuna matope a njereza, ofewa ngati njerwa zomwe. Nyumba zambiri zakale zaphedwa ndi anthu ozikonda.

ZOLINGA ZIMENE TIIKA PAMASO PA MPINGO NDI MZINDA

Boma la Malawi liri nalo lamulo loteteza zipilala ndi zinthu zakale, ndipo chalichi cathu ndi nyumba ya Mandala ziri m'kaundula wa zipilala za dziko. Nkwabwino. Koma lamulo liletsa kugwetsa, silikwera padenga kukatseka podontha. Ndiponso kaundulayo ndi wa dziko lonse, sangathe kulowa m'makwalala onse a Ndirande ndi Limbe. Kuyenera kuti mzinda ukhale ndi makonzedwe aceace, ndi zolinga zochulidwa bwino, zakuti pakutha nthawi munthu akhoza kufunsa kuti, Kodi zacitika kapena iai? Mau akuti tidzalemekeza mbiri yathu sali colinga, pakuti palibe tsiku lowayesera.

Coyamba ndi kuwerenga. Nehemiya asananene kanthu kwa akuru, anaturuka usiku nazungulira linga, napenya pogumuka ponse ndi maso ace. Ifenso tipemphe Khonsolo ya mzinda, pamodzi ndi mipingo, a nyumba ya zakale ya ku Chichiri ndi ophunzira a masukulu akuru, kuti pasanathe zaka ziwiri pakhale buku limodzi lolembamo nyumba, manda, milatho, zitsime ndi mitengo yakale ya mzinda uno: ciri kuti, mwini wace ndani, anacimanga liti, ndipo cirikudwala ciani. Ndipo zolembedwazo zigawidwe patatu. Pakhale zocepa zosayenera kukhudzidwa konse koma ndi amisiri odziwa. Pakhale zina zimene mwini akhoza kuzisintha m'kati, asandutse sitolo kapena ofesi monga afuna, koma nkhope yace ya kumseu ikhale. Ndipo pakhale zambiri zololedwa kugwa, pokhapo ziyambe zajambulidwa, kuyesedwa ndi kulembedwa mbiri yace. Sitiri kupempha kuti mzinda uume ngati nyama yofutsa. Amoyo ayenera kumanga. Tipempha kuti pasagwe kanthu usiku anthu osadziwa.

Pa bukulo tiri ndi mau amodzi owawa kwa ife eni. Nkwapafupi kuti a Mishoni tilembemo zathu zokha, ndi kuti mzinda ulembemo nyumba za Azungu zokha, popeza ndizo za njerwa zooneka. Tikatero tidzaphunzitsa ana kuti mbiri ya Blantyre ndi mbiri ya alendo. Mulowe malo a mudzi wa Kapeni ndi manda a mafumu. Mulowe Mitsidi, kumene Joseph Booth anayamba Zambezi Industrial Mission m'caka ca 1892, ndi nyumba za abale athu Akatolika. Mulowe mizikiti yakale ya Asilamu, ndi sitolo zoyamba za Amwenye ku Limbe. Mulowe sitesheni ya njanji, ndi nyumba zina za antchito a pa njanji ndi a fodya, zingakhale zazing'ono, kuti adzukulu aone m'mene agogo ao anagona. Mulowe bwalo la masewera la ku Chichiri, pamene mbendera ya Malawi inakwezedwa pa 6 July 1964. Ndipo mulowenso zamanyazi. Za zikoti za 1879 zilembedwe poyera m'mbiri imene tiuza alendo, pakuti mpingo umene uphunzitsa za Davide ndi Uriya, ndi za kukana kwa Petro, ulibe cifukwa ca kubisa zolakwa za oyamba ace. Mbiri yotsukidwa ana saikhulupirira. Akadzamva zoona kwa ena, adzakayika ndi zabwino zomwe.

Caciwiri ndi denga. Tinene mwacidule, pakuti nkhaniyi njosabvuta kuimva, kungoti ibvuta kuicita caka ndi caka. Nyumba iri yonse ya m'gawo loyamba iyenderedwe m'mwezi wa September, mvula isanagwe: akwere padenga, ayeretse ngalande, azule zomera m'makoma, afune njira za ciswe, nalembe zimene apeza m'buku losungidwa. Pa chalichi cathu nchito iyi ikhale ndi munthu wace wochulidwa dzina ndi bwalo la akuru, ndi thumba lace la ndalama losabwerekedwa pa zina. Mpingo wakula, ndipo nyumba ya 1891 siikwana khamu la lero. Koma isasanduke cinthu congoonetsa alendo. Mupempheredwe, mubatizidwe ana, mumangidwe maukwati. Taona kale pa Mandala kuti nyumba yolowamo anthu ndiyo ikhala.

Pamodzi ndi denga pali amisiri. Tikati njerwa ina ya mitundu 81 ija yasweka lero, adzasema cikombole cace ndani? Adzasakaniza njereza ndani? Mishoni iyi inachuka kale ndi kuphunzitsa ukalipentala, kumanga, kusindikiza ndi ulimi, ndipo amisiri ace anafunidwa m'dziko lonse. Cikhale colinga cathu kuti pakutha zaka zisanu pakhale anyamata ndi asungwana osacepera khumi ndi awiri ophunzitsidwa kukonza nyumba zakale, ndi kuti cikombole ca mtundu uli wonse wa njerwa za chalichi cisemedwenso ndi kusungidwa. Luso likafa, nyumba yatsala ndi masiku owerengeka, ingakhale iri m'kaundula wa Boma.

Pano wina adzaimirira nati, Anthu ali ndi njala, m'zipatala mulibe mankhwala, acinyamata alibe nchito, ndipo inu mulikulirira njerwa? Funso ili nlolungama, ndipo tisaliyankhe mopepuka. Mpingo ukasankha pakati pa mwana wanjala ndi khoma, usankhe mwana. Koma kawirikawiri kusankha sikuli kotero. Lata limodzi lokhomedwa caka cino lipulumutsa mtanda umene mtengo wace ukadamanga cipinda ca sukulu. Ndipo ndalama zolipira wokonza khoma zilowa m'nyumba ya mmisiri wa ku Ndirande, sizipita kunja. Alendo amene adza kudzaona chalichi agona, adya, nagula m'mzinda muno. Cimene tikana ndi ici: kukhala cete zaka makumi awiri, ndipo denga litagwa kulemba makalata opempha ku Scotland. Abale a kumeneko atithangata zambiri, ndipo tiwayamika. Koma mutu umodzi susenza denga, ndipo denga ili nlathu. Amalonda a mzinda uno, amene makampani ao anaphuka pa mudzi umene Mishoni ndi Mandala anayamba, ali ndi gawo lao. Khonsolo ikhoza kupeputsa msonkho wa malo kwa mwini nyumba yakale amene aisamala. Ndipo ife tikhoza kupatula copereka ca Sabata limodzi pa caka.

Sitingaleke osanena za mapiri, pakuti Henderson ndi Bokwito sanasankhe malo ano cifukwa ca nyumba, koma cifukwa ca madzi oturuka m'mapiri a nkhalango. Ndirande amene akuru anamdziwa ali wakuda ndi mitengo, lero ali mbee. Ndipo m'mwezi wa March 2023, pa namondwe wa Freddy, phiri la Soche linagumuka, matope ndi miyala zinatsikira pa Chilobwe ndi madera oyandikana nao, ndipo tinaika abale athu ambiri. Mapiri ndi mitsinje ya Mudi ndi Nasolo ndizo zakale zoposa zonse za mzinda uno, ndipo makonzedwe osunga nyumba naiwala izi ali ngati munthu wosamala mphika nataya mafuwa.

Cotsiriza ndi maina, ndipo ici ndi cimene tingayambe mawa popanda kudikira Khonsolo kapena ndalama. Makalata ambiri a Mishoni ali ku Zomba m'nyumba yosungira makalata a dziko, ena ali ku Edinburgh. Tipemphe kuti zithunzi zace zibwere kuno, kuti mwana wa pa H.H.I. awerenge mbiri ya sukulu yace osaoloka nyanja. Koma alipo mabuku ena amene sali ku Zomba kapena ku Edinburgh. Ali m'mabokosi a m'zipinda za machalichi athu a kumidzi: mabuku a ubatizo, a maukwati, a milandu ya bwalo la akuru, ena odyedwa kale m'mphepete ndi njenjete ndi makoswe. Buku liri lonse lotere licotsedwe pansi, liikidwe pouma, ndipo tsamba liri lonse lijambulidwe, cingakhale ndi foni ya m'manja, zithunzizo zisungidwe malo awiri osiyana, kuti za ku Zomba za 1919 zisaticitikire. Mbusa Matecheta anationetsa njira pamene analemba buku lace la ciyambi ca Mishoni, lofalitsidwa m'caka ca 1951. Analemba zimene anaona ndi maso, nthawi isanamthere.

Amene anaumba njerwa za 1888 anapita kale, ndi ana ao omwe. Koma adzukulu alipo, ena a zaka 80 ndi 90, m'midzi ya kwa Kapeni, kwa Machinjiri, kwa Somba ndi kwa Kuntaja, ndipo m'mabanja ambiri muli mau osiyirana akuti, Agogo athu anagwira nchito pa chalichi ca pa Mishoni. Cifukwa cace tipempha inu aphunzitsi a makalasi ndi alaliki, amene mulowa m'nyumba zimene mbusa safikamo kawirikawiri: tengani kope ndi pensulo pa maulendo anu a caka cino. Mukapeza nkhalamba yotere khalani pansi, musafulumire, ndipo lembani monga inena, osakometsa. Lembani dzina la kholo lija, mfunda wace, mudzi wace ndi mfumu yace. Nchito imene anagwira, kaya kuumba, kuocha, kusema kapena kusenza. Ndi dzina la wokuuzaniyo ndi tsiku limene anakuuzani. Zimene iye anangomva kwa ena muzilembe kuti anamva, kuti odzasanthula adziwe polemera ndi popepuka. Makopewo muwapereke kwa mlembi wa bwalo la akuru wa mpingo wanu isanafike Paskha, kuti maina otsimikizika asonkhanitsidwe ndi kulembedwa pa mwala pafupi ndi khomo la chalichi. Ndipo mukaona m'nyumba yina cithunzi cakale, kalata ya ubatizo, kapena cipangizo ca mmisiri cosungidwa ndi banja, musacicotse kwa eni ace. Cijambuleni, nimulembe kumene ciri.